Nthano Siyezedwa ndi Cidindo ca Kampani

Loweruka lina masana, pa kashopu kochajira mafoni ku Katete Stores, ndinapeza anyamata atazungulira mnzawo wocokera ku Sinda. Anali kuwasimbira nkhani ya Star Wars imene ambiri sanaimvepo: Luke Skywalker wagwada pamaso pa Mfumu Palpatine, amene wauka m'thupi latsopano, ndipo Leia wanyamuka kukalanditsa mlongo wake. Mnyamatayo ankasintha mawu, apa a nkhalamba yoipa, apa a mkazi wolimba mtima. Aliyense anali cete. Kenaka wina amene anaphunzirako ku Lusaka anaseka nati, "Amwene, izo si canon. Zinafufutidwa kale. Mungotaya nthawi." Nkhani inathera pomwepo, ndipo wosimbayo anabweza foni yake m'thumba mwamanyazi.

Wosekayo ndi amene ndikulimbana naye, pamodzi ndi onse oganiza ngati iye, amene amati makomiki ndi masewero a mawu a Star Wars ndi makoko, nsima yeniyeni ndi filimu basi.

Zimene Lucasfilm imavomereza kuti ndizo zinacitikadi m'dziko la Star Wars ndizo anthu amazicha canon. Mu 2012 Disney inagula Lucasfilm kwa George Lucas pa mtengo wopitirira madola 4 biliyoni. Mu April 2014 kampaniyo inalengeza kuti mabuku ndi makomiki amene analembedwa kale aikidwa pambali pansi pa dzina lakuti Legends, kuti opanga mafilimu atsopano asamangike ndi nkhani zakalezo. Cigamuloci cinali ca malonda, copangidwa mu ofesi ku America. Palibe amene anatsimikiza kuti nkhanizo n'zosakoma. Ndiye iwe wa ku Katete, ulibe ngakhale ngwee imodzi m'kampaniyo, n'cifukwa ciani ukudzisandutsa mlonda wa pageti pake?

Nkhani imene mnyamata wa ku Sinda ankasimba ndi Dark Empire, komiki ya Tom Veitch ndi Cam Kennedy imene Dark Horse inayamba kutulutsa mu 1991. Mu 2019 filimu ya The Rise of Skywalker inabweza Palpatine yemweyo kwa akufa. Thrawn, kazembe wa nkhope ya buluu amene Timothy Zahn anamulenga m'buku la Heir to the Empire mu 1991, nayenso anaikidwa pambali, koma anabwezedwa mu Rebels kenaka mu Ahsoka. Eni ake amapita usiku kukatola ku nkhokwe imene anaitseka masana. Iwo akudziwa kuti muli cimanga. Ife ndife tikunyoza.

Ena amati makomiki ndi a ana. Awerenge Darth Vader ya Kieron Gillen ya mu 2015. Filimu inationetsa mmene Luke anadziwira bambo wake, koma sinatiuze mmene bamboyo anadziwira kuti ali ndi mwana wamoyo. Komikiyi ndi imene inaonetsa zimenezo. Boba Fett akuchula dzina la mnyamata amene anaphulitsa Death Star, Vader watsala yekha m'cipinda, ndipo galasi la windo likung'aluka ndi mkwiyo wake. Mawu ndi ocepa kwambiri, nchito yonse ikugwiridwa ndi zithunzi. M'komiki yomweyo ndi mmene munabadwira Doctor Aphra, mkazi wofukula zakale, wakuba ndiponso wabodza, amene anthu anamukonda mpaka anapatsidwa komiki yakeyake ndi sewero la mawu mu 2020, asanaonekepo m'filimu iliyonse.

Ndipo makomiki si alendo m'banjali. Marvel inayamba kutulutsa Star Wars mu 1977, caka comwe filimu yoyamba inatuluka, ndipo inapitiriza mpaka 1986, makope 107. Pa zaka zitatu zodikira filimu ina, ana a nthawi imeneyo ankakhala ndi Luke ndi Han pa pepala.

Koma cimene cimandipweteka kwambiri ndi kunyoza masewero a mawu, cifukwa pamenepo tikunyoza zathu zomwe. Mu 1981 wailesi ya NPR ku America inaulutsa Star Wars m'zigawo 13, zolembedwa ndi Brian Daley. George Lucas anapereka cilolezo ca seweroli pa dola imodzi yokha. Mark Hamill anabweranso monga Luke, Anthony Daniels monga C-3PO, ndipo Darth Vader anali Brock Peters. Filimu ya maola awiri inatambasuka kufika pafupifupi maola 6, ndipo m'malo owonjezekawo timamva Luke akuceza ndi mnzake Biggs, ndi Leia ali ndi bambo wake ku Alderaan dzikolo lisanawonongedwe. Ukamva zimenezo, kuphulika kwa Alderaan kumakhala maliro a anthu amene wawadziwa. The Empire Strikes Back inatsatira mu 1983 m'zigawo 10, ndipo Return of the Jedi mu 1996 m'zigawo 6.

Tsopano funsani agogo anu za Julius Chongo ndi Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia. Munthu mmodzi ndi pakamwa pake ankakhala mfumu, fisi, mkamwini ndi apongozi, ndipo khamu linkasonkhana pa wailesi imodzi ya mabatire. A ku Vubwi, kumene Malawi ndi pakhomo, akudziwa mmene Kapalepale ankagwirira anthu pa MBC. Luso loona ndi makutu tinali nalo kalekale, kuyambira pa moto wa madzulo pamene wosimba akati "padangokhala" ana amayankha "tili tonse". Zingatheke bwanji kuti mdzukulu wa anthu amenewa azinena kuti nkhani yopanda cithunzi si nkhani?

Tiyang'anenso mmene tikukhalira. Ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi kulibe nyumba ya sinema. Ambiri a ife Star Wars tinaionera m'kanyumba ka vidiyo kapena pa foni yong'aluka galasi, filimu itacokera pa memori khadi ya mnzathu. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ma TV anangokhala zokongoletsa. Filimu imadya bando ndi batire. Sewero la mawu limalowa m'kafoni ka mabatani, umalimva uli pa njinga, uli kudimba, kapena ukudikira basi pa Great East Road. Amene amanyoza njira imeneyi akunyoza khomo limene anzake ambiri angathe kulowera. Kwenikweni akufuna kuti tidziwe kuti iye ali ndi bando yambiri kuposa ife.

Sindikunena kuti zonse n'zabwino. M'makomiki akale a Marvel munali Jaxxon, kalulu wobiriwira wonyamula mfuti, ndipo anthu akhala akumuseka kwa zaka zambiri. Ngakhale lero makomiki ena amatulutsidwa cabe kuti shelefu isakhale yopanda kanthu. Ndikuvomeranso kuti canon ili ndi nchito yake: olemba ambiri akamalima munda umodzi pafunika malire, kuti munthu amene anafa kuno asapezeke akudya nsima uko. Koma malirewo ndi a olemba. Wowerenga funso lake ndi lina: kodi nkhaniyi yandigwira mtima? Unene kuti Dark Empire ndi yoipa cifukwa Luke wacita zosagwirizana ndi khalidwe lake, tidzakangana mpaka usiku ndipo ndidzakugulira zitumbuwa. Ukanena kuti ndi yoipa cifukwa kampani inasintha cidindo, sunanene kanthu.

Ife Acewa sitinakhalepo ndi nthano ya Kalulu imodzi yovomerezeka. Ya ku Kagoro imasiyana ndi ya ku Nyanje, ya agogo aakazi imasiyana ndi ya amalume, ndipo palibe amene amaitanitsa kalata ya umboni. Nthano imakhala ndi moyo cifukwa yadutsa pakamwa pambiri.

Ndiye pali nkhani yaikulu kuposa Star Wars. Mnyamata amene anatsekedwa pakamwa uja anali kucita cinthu cosowa: anawerenga nkhani m'Cingelezi, naisandutsa Cinyanja pomwepo, ndi mawu osiyanasiyana, anthu n'kumamvetsera. Ameneyo ndi wolemba masewero amene sanadzidziwe. Tikamuseka, timataya zambiri kuposa nkhani ya Luke. Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a mu Lusaka ya m'tsogolo imene inatuluka pa Netflix mu 2023, inayamba m'mutu mwa mkazi wa kuno kwathu, Malenga Mulendema. Situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town, imene inagwira naye nchito, inapanganso Aau's Song, cigawo ca Star Wars: Visions, caka comweco. Mtunda wocoka pa kukonda nkhani za ena kufika pa kupanga zako si wautali monga timaganizira.

Star Wars ili ndi eni ake, ndipo sitingaigulitse m'Cinyanja. Koma phiri la Mphangwe lilibe kampani. Palibe amene angakuletseni kujambula komiki ya mtsikana wa ku Vubwi amene wapeza combo cakugwa m'munda wa fodya, kapena kujambula mawu a sewero la mphindi 10 pa foni, phokoso la injini mukulipanga ndi cigayo ca pafupi. Mawailesi a m'madera alipo, WhatsApp ilipo, ndipo makutu a anthu athu sanagonthe.

Kwa mnzanga wa canon, ndikupempha cimodzi: tsiku lina mnzako akayamba kusimba, khala pansi umve mpaka kumapeto, kenaka utsutse nkhaniyo ndi zifukwa zako. Ndipo iwe wa ku Sinda, tulutsanso foni ija. Unatisiya Leia ali m'njira, ndipo ena a ife tikufuna kudziwa ngati anafika.