Alamu, Makarov yanuyo siikanika, ndipo vuto lake ndi lomwelo

Akuba anatiyendera ku Naperi usiku wa Lachitatu, magetsi atathima. Anapinda chitsulo cha pawindo la kukhitchini, n'kutenga TV, laputopu ya mayi a kunyumba ndi mafoni awiri amene tinasiya patebulo. Ife tili mtulo, osamva kanthu. M'mawa tinapeza chitseko chakumbuyo chili pululu, ndipo matope a nsapato zachilendo anali atalemba pasimenti mpaka pakhomo la chipinda chogona ana. Matope amenewo ndi amene anandisowetsa tulo sabata ziwiri. TV timagula ina. Koma kudziwa kuti munthu wachilendo anaima pakhomo la ana anga ine ndikuliza nkonono, zimenezo sizichoka msanga m'mutu.

Loweruka alamu anga anabwera kudzapepesa. Titakhala pakhonde, anatsitsa mawu.

"Alamu, inu mukufunika kamfuti. Makarov. Ndi yotchipa, ndipo siikanika. Mutha kuikwirira m'dothi zaka khumi, mukaifukula iwombabe."

Anandionetsa chithunzi pafoni. Sindinama, ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mtima unkati eya. Ndalemba izi chifukwa mutu unakana, ndipo ndikudziwa kuti nkhani yomweyi ikukambidwa motsitsa mawu pa Kamba, ku Zingwangwa, ku Ndirande, paliponse pamene anthu atopa ndi zikwanje za usiku.

Ndiyambe ndi kuwavomereza alamu pa zimene ananena zoona. Makarov ndi mfuti yodalirika. Anaipanga Nikolay Makarov, ndipo asilikali a Soviet Union anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1951, kulowa m'malo mwa Tokarev. Imanyamula zipolopolo 8 za 9x18mm, kulemera kwake sikufika kilogalamu imodzi, imakwana m'thumba la jekete. Zitsulo zake ndi zochepa, ndiye zoti ziwonongeke ndi zochepanso. Anaipangira msilikali amene alibe nthawi yoinyengerera, wa m'matope ndi m'chipale chofewa. Kupatula ku Russia, inkapangidwanso ku East Germany, Bulgaria ndi China. Zinapangidwa zambirimbiri, ndipo Soviet Union itagwa mu 1991 zotsala m'nkhokwe zinamwazikira dziko lonse. Kutchipa kwake kukuchokera pamenepo.

Nanga kuno kwathu mfuti za mtundu umenewu zinafika bwanji? Funsani agogo a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu kapena Dedza. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inatenga zaka 15, kuyambira 1977 mpaka pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno. Nkhondo itatha, zida zambiri sizinabwezedwe. Zina zinakwiriridwa m'tchire, zina zinadutsa malire amene m'malo ena ndi msewu chabe, mbali iyi Malawi mbali iyo Mozambique. AK-47, Makarov, Tokarev. Nafenso tili ndi mbiri yathu: mu December 1993 asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ndipo ena mwa apayoniyawo anathawira ku Mozambique komweko.

Ndiye alamu akamati "yotchipa", ine ndimafunsa kuti yatchipa chifukwa chiyani? Mfuti yogula mwalamulo imafuna chiphaso. Lamulo lathu la Firearms Act limanena kuti palibe wololedwa kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo nkhani zimenezi zimadutsa kupolisi. Pamakhala mafomu, mafunso, kudikira ndi ndalama. Imene munthu akukunong'onezani pakhonde, yopanda pepala, yatchipa chifukwa wogulitsayo akufuna imuchoke m'manja. Simudziwa komwe yadutsa. Simudziwa ngati inawombapo munthu pa golosale ina chaka chatha. Tsiku limene adzaipeze pansi pa matiresi anu, mbiri yake yonse idzakhala yanu, ndipo wokugulitsaniyo foni yake idzakhala yothima. Mumafuna kuteteza ana, mwawasiya okha inu muli ku Chichiri.

Chabwino, wina anena kuti iyeyo atsata njira yonse, atenga chiphaso, agula yovomerezeka. Alipo anthu otero, ndipo sindikuwatcha zigawenga. Koma ngakhale pamenepo mkangano wanga ndi alamu sunathe, chifukwa uli pa mawu aja akuti "siikanika".

Taganizani bwino tanthauzo lake. Mfuti yosakanika siifunsa kuti chala chili pa ine ndi cha ndani. Imawomba m'manja mwa mwini wake, imawombanso m'manja mwa mwana wa Standard 4 amene waipeza m'wadirobu akufuna masiwiti. Imawomba mwini ali bwinobwino, imawombanso atachokera pa Kamba 1 koloko usiku, atamwa, atakwiya ndi meseji imene waona mufoni ya mkazi wake. Imawombanso tsiku limene ngongole za katapila zamupanikiza munthu mpaka kuona ngati dziko lamuthera. Nikolay Makarov anathana ndi vuto la chitsulo. Vuto la munthu wogwira chitsulocho silinamukhudze, chifukwa iye ankapangira asilikali okhala ndi mkulu wowalamula, nkhokwe yokiyidwa ndi buku lolemba chipolopolo chilichonse. M'nyumba ya lendi ku Naperi mkulu ameneyo ndi ndani? Ndine ndemwe, munthu amene ndinaphwanyapo foni pakhoma chifukwa cha mpira.

Ndinawafunsa alamu funso limodzi: "Muziisunga pati?"

Anati pamalo pokiya, ana asaione. Ndinati chabwino, akuba aja anafika pakhomo la ana ine osamva. Ndikanadzidzimuka iwo ali kale m'chipinda, nthawi yofufuza kiyi mumdima ikanachokera kuti? Anati ndiye pansi pa pilo. Ndinati pansi pa pilo m'nyumba ya zipinda ziwiri, momwe ana amadumpha pabedi lathu tsiku lililonse? Apa ndiye pamene pali msampha. Ikakhala pokiya imachedwa kukuthandiza. Ikakhala pafupi imakhala pafupi ndi aliyense. Alamu anangoti, "Inunso alamu mumaganiza zambiri."

Ee, ndimaganiza zambiri. Ndimaganiza za Oscar Pistorius, amene pa 14 February 2013 anawombera kanayi pachitseko cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Kukhoti ananena kuti ankaganiza kuti ndi wakuba. Kaya mumamukhulupirira kaya ayi, sankhani nokha: ngati ananama, mfuti ya m'nyumba inatumikira mkwiyo, ngati ananena zoona, inatumikira mantha. Mbali zonse ziwiri mtembo ndi wa munthu wa m'nyumba momwemo, ndipo mfutiyo inagwira ntchito yake bwinobwino. Ku America, kafukufuku wa Arthur Kellermann ndi anzake amene anatuluka mu 1993 anapeza kuti m'nyumba zosunga mfuti chiopsezo choti wina aphedwe chinali chokwera pafupifupi katatu, ndipo nthawi zambiri wakupha anali wachibale kapena wodziwana naye. America si Naperi, ndikudziwa. Koma nsanje, mowa ndi mantha a usiku kuno tilibe?

Onjezaninso mmene timakhalira. Nyumba zathu zinagundana. Khoma la kuchipinda kwanga ndi windo la aneba zalekana mapazi ochepa, ndipo kuseri kwa windolo kumagona mwana wakhanda. Chipolopolo chikaphonya sichibwerera kudzapepesa. Munthu amene sunaphunzirepo kuwombera, mumdima, manja akunjenjemera, uphonya basi.

Ndipo pali china chimene alamu sanachiganizire. Akuba anatenga laputopu chifukwa ili ndi msika. Mfuti ili ndi msika woposa laputopu. M'dera mwathu chinsinsi sichigona. Mwana akauza mnzake kusukulu kuti adadi ali ndi mfuti, mawa msika wonse wadziwa. Amene anabwera ndi chitsulo chopindira mawindo adzabweranso masana inu muli kuntchito, ndipo ulendo uno adzachoka ndi chida choti akaopsezere mayi wogulitsa Airtel Money ku Chitawira. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri ali, ngakhale mfuti zosungidwa ndi boma zinatuluka: mkulu wina wa polisi, Christiaan Prinsloo, anamangidwa zaka 18 mu 2016 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zimayenera kuphwanyidwa, ndipo zambiri zinakathera kwa magulu a zigawenga ku Cape Town. Ngati nkhokwe ya boma inadontha, wadirobu yanga ndi chiyani?

Ndikumva kale amene akuti, "Iwe ukulankhula chonchi, koma olemera a ku Namiwawa ali ndi mipanda ya magetsi, agalu ndi alonda a kampani. Wosauka adziteteze ndi chiyani?" Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Chitetezo m'dziko muno chili ndi mtengo, ndipo ambirife sitingaukwanitse. Mkwiyo umenewo ndili nawo inenso. Koma walira mvula walira matope. Nyumba iliyonse ya ku Naperi ikakhala ndi Makarov, akuba sasiya kuba. Asiya zikwanje n'kuyamba kubwera ndi mfuti, ndipo aziyamba ndi kuwombera asanafunse komwe kuli TV.

Anthu amene anaziona mfutizi zikugwira ntchito anasankha njira ina. Ku Mozambique, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zidazo ankazidula, ndipo amisiri anapanga nazo ziboliboli. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zoterozo uli ku British Museum ku London. Pangano la SADC loletsa kufala kwa mfuti analisainira mu mzinda wathu womwe uno wa Blantyre mu August 2001. Iwo amene anaika maliro a nkhondo anadula mfuti ndi sowo. Ife amene nkhondo timaionera pa TikTok tikufuna kuzifukula.

Ine zimene ndachita ndi zosasangalatsa kuzijambula. Ndawotcheretsa zitsulo zokhuthala m'mawindo, ndaika nyale ya sola kuseri kwa nyumba, ndagula wezulo. Mu mzere mwathu nyumba zisanu ndi zitatu tapanga gulu la WhatsApp, ndipo tikusonkha mwezi ndi mwezi kulipira anyamata olondera usiku. Tagwirizana kuti wezulo ikalira aliyense ayatse nyale ndi kumenya chidebe, ndipo wogwidwa tikampereke kupolisi wamoyo, osati kumuotcha. Kodi zimenezi ziletsa akuba onse? Ayi. Mwina adzabweranso. Koma mwana wanga akapeza wezulo m'wadirobu, choipa chimene chingachitike ndi phokoso.

Alamu anabweranso dzulo. Anayang'ana zitsulo zatsopanozo, anazigwedeza, n'kuseka.

"Ndiye mwakanadi, alamu?"

"Ndakana."

"Ine ndikuganizabe."

Ali ndi ana atatu, wamkulu ali ndi zaka 9, ndipo ndi amene amadziwa password ya foni ya bambo ake ngakhale anaisintha kawiri. Ndawatumizira linki ya nkhaniyi. Alamu, werengani mpaka pano, kenako mundiyimbire.