Mwana Akabwerako Wopanda Nyota



Mwezi uno ndifuna tilingalire za mwana amene tinamperekeza ndi nthungululu popita ku sukulu ya usilikali, koma wabwerako maphunziro atamkanika. Kawirikawiri mwana wotere amalowa m'mudzi kutada, ndipo makolo ake akafunsidwa amangoti ali patchuthi.

Ku America kuli sukulu yotchuka ya usilikali yotchedwa West Point, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1802 m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Mu 1851 kunalowa mnyamata wina dzina lake James Whistler, amene bambo ake anaphunziranso pomwepo. Pa phunziro lojambula ankaposa anzake, koma ankaswa malamulo kawirikawiri, ndipo mu 1854 atalephera mayeso a chemistry anamchotsa sukulu. Chaka chotsatira anapita ku Paris kukaphunzira luso lojambula. Chithunzi cha amayi ake chimene anajambula mu 1871 chimadziwika padziko lonse mpaka lero.

Sindikunena kuti aliyense wolephera adzatchuka. Ndikunena kuti malikisi otsika pa sukulu imodzi sayeza nzeru zonse za munthu. Ku sukulu ya usilikali wophunzira amadzuka mbandakucha, kuthamanga, kuguba, kuyenderedwa ndi akuluakulu, kenako kukhala m'kalasi thupi litatopa. Ena amapirira nakhoza, ndipo tiwayamikire. Ena mphatso yawo ili kwina.

Kwa iwe mwana wanga amene ukuganiza zosamukira ku koleji ina, ndili ndi mawu anayi.

Choyamba, usathawe usiku. Werenga mapepala amene unasaina polowa. Ku West Point, wochoka atayamba chaka chachitatu angathe kukakamizidwa kutumikira monga msilikali wamba kapena kubweza ndalama zimene boma linamlipirira. Sukulu iliyonse ili ndi pangano lake. Lidziwe lako, ndipo utsanzike mwaulemu.

Chachiwiri, usabise kumene wachokera. Koleji yatsopano idzafuna chikalata cha malikisi ako onse, abwino ndi oipa omwe. Bodza likaululika, malo ako amatha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chachitatu, funsa ngati maphunziro amene unakhoza angawerengedwe. Makoleji ambiri ku America amalandira okhawo amene munthu anapeza C kapena kuposerapo. Kwathu kuno, phunziro limene unakhoza usalitaye osafunsa.

Chachinayi, ufufuze chimene chinakugwetsa. Ngati kunali kutopa, kusamuka kudzathandiza. Ngati kunali mowa, ulesi kapena kusadziwa masamu, zimenezo zidzakwera nawe basi yomweyo. Yamba wakonza zimenezo, ngakhale zitafuna kubwereza chaka.

Ndipo kwa inu makolo: ndikudziwa kuti mwina munagulitsa mbatata kapena ng'ombe kuti mwanayo apite, ndipo mtima ukuwawa. Koma funso loyamba lisakhale lakuti, "Tidzawauza chiyani anthu?" Muyambe mwampatsa madzi ndi nsima, kenako mumve nkhani yake mpaka kumapeto. Ife ena tonse tisunge pakamwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Yunifolomu wavula, koma kudzuka m'mawa, kusunga nthawi ndi kumvera wabwera nazo. Zimenezi zidzamthandiza m'kalasi iliyonse imene adzalowe.

Mtendere ukhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu.