Lekani kunamizira makina

Loweruka lapitali ndinali pa ukwati konkuno ku Chipoka. Mnyamata mmodzi ndi kiyibodi yake anatiyimbira tsiku lonse: ng'oma, besi, malipenga, zonse kuchokera m'bokosi limodzi. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye moyandikana anapukusa mutu n'kuti, "Aphunzitsi, makinawa ndiwo anapha nyimbo za Chimalawi." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri ndipo anandikwana. Ine ndikukanitsitsa.

Taonani nkhani ya sampler. Kameneka ndi kachipangizo kojambula phokoso lililonse, kaya ng'oma kaya chifuwa cha agogo, n'kumalibwereza ukadina batani. Yoyamba kutchuka inali Fairlight ya ku Australia ya 1979, koma mtengo wake munthu ukanagula nyumba. Mu 1984 kampani ya Ensoniq inatulutsa Mirage pa madola 1,695, mu 1986 kunabwera Akai S900, ndipo Casio anapanganso kena konga chidole, SK-1, kosunga mawu osakwana masekondi awiri. Ya E-mu SP-1200 ya 1987 inkasunga masekondi 10 okha. Khumi basi! Koma anyamata osauka a ku New York anadula ng'oma za m'marekodi a makolo awo, za a James Brown ndi anzawo, n'kumangira hip hop. Makina sanawachotse kwawo ayi, anawabwezera ku nyimbo za m'nyumba mwawo momwe.

Nanga ife? Zida zotchipa zitachuluka kuno m'ma 1990 tinathamangira kiyibodi, n'kudina rege yomwe anaikiratu ku fakitale ku Japan. Musandimve molakwa. A Paul Banda ndi situdiyo yawo ku Balaka anatsegula khomo lalikulu, mwana wa mlimi anayamba kujambula kaseti osadikira mwayi wa ku MBC. Ndinavina nawo, makasetiwo ndikadali nawo m'katoni. Vuto ndi khamu lomwe linatsatira, aliyense ng'oma yomweyomweyo, kwaya ndi woyimba zachikondi osasiyana. Ndi makina kodi amene anatiletsa kuika mbalule kapena mpanje m'nyimbo zathu? Ndani anatimanga manja?

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti mzungu Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland m'ma 1950 ndi zida zolemera pagalimoto, kujambula bangwe ndi nyimbo za pamtondo. Zojambulazo akuzisunga ku Makhanda, ku South Africa. Lero foni ya mwana wa Fomu 2 ikhoza kujambula maola angapo, kuposa ma sampler onse ndatchulawa kuwaphatikiza, koma ntchito yake n'kutumizirana nthabwala. Pagombe pompano asodzi amayimba pokoka khoka, wina kutsogolera ena kuvomera, mapazi akugunda mchenga nthawi imodzi. Situdiyo iti ingakupangireni zimenezo? Achinyamata okoka khoka masiku ano ambiri amaika tizomvera m'makutu, ndipo odziwa nyimbozo akutha mmodzimmodzi, monga linazimiririka lipenga la Ilala padoko lathuli.

Mnyamata wa pa ukwati uja ndinamupeza akupinda mawaya. Ndinamufunsa ngati kiyibodi yake imajambula mawu. Anati eya, batani lake ndi ili, koma sanalidinepo chiigulireni. Tagwirizana kukumana kunyanja Loweruka likudzali 5 koloko m'mawa, makoka asanatuluke. Mabatire ndigula ndine.