Maliro n'kulirana

Akuluakulu adati maliro n'kulirana. Sadafunse ngati wolirayo amapemphera Lachisanu kapena Lamulungu, ndipo anthu a m'midzi ya ku Machinga, Mangochi ndi Nkhotakota amaumvetsa mwambiwu kuposa ife amene timakambirana za umodzi wa zipembedzo m'mahotela.

Kafikeni pa siwa kumeneko. Akamwalira Mkhristu, amayi a Mvano amachezera kuimba, Msilamu woyandikana naye nyumba ali pomwepo pamoto mpaka tambala kulira. Kukacha, mbuzi ya ndiwo sazinga munthu wamba. Amaitana Msilamu kuti agwire mpeni ndi kutchula dzina la Mulungu, kuti pasapezeke wobwerera kwawo ndi njala. Akamwalira Msilamu, thupi amalikulunga mu nsanda, kulinyamula pa jeneza, n'kukaliika mwamsanga. Akhristu amakumba nawo manda, ndipo shehe akamatsogolera pemphero iwo amaima chapambali mwakachetechete, zipewa zili m'manja. Aliyense amabwerera ndi chikhulupiriro chake chathunthu.

Kwa ine, kupembedza limodzi ndi kumeneku. Kusiyana kulipo, tisakubise: Mkhristu amati Yesu ndi Mwana wa Mulungu, Msilamu amati Isa ndi mneneri. Wonena kuti zonse n'chimodzimodzi sanamvetsere aliyense mwa awiriwa. Komabe onse amagwadira Mlengi mmodzi, amasala kudya, amalemekeza Abrahamu ndi Mariya, ndipo mvula ikachedwa onse amakweza maso kumwamba.

Dziko lino lidapulumukapo chifukwa cha mtima wotere. Bungwe la Public Affairs Committee lidabadwa mu 1992, chaka chomwe maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo lidakhazika atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu pa mphasa imodzi. Mu 1994 Amalawi, ambiri mwa iwo Akhristu, adasankha Bakili Muluzi, Msilamu, kukhala mtsogoleri wa dziko. Mkangano wa hijab utabuka ku Balaka mu 2019, sukulu n'kutsekedwa, bungwe lomweli lidakhalira pakati mpaka mu 2021 mbali ziwirizi zidagwirizana kuti atsikana achisilamu azivala hijab m'sukulu za mishoni. Ana athu adataya masiku ophunzira pa nkhani yomwe agogo awo akadaithetsa pansi pa mtengo.

Chimene chimandipweteka ndi alaliki ena, a mbali zonse ziwiri, amene amasandutsa maliro kukhala bwalo lonyozera. Munthu wasiya munda wake, wapereka ufa ndi nkhuni, wachezera usiku wonse, kenako chimkuzamawu chikumuuza kuti iye ndi mtundu wake akupita kumoto. Mawa mlaliki yemweyo akaferedwa adzafuna manja a munthuyo pa khasu la kumanda.

Nawonso okonza mapemphero a dziko asamupatse shehe mphindi zotsalira anthu atayamba kale kunyamuka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa Amalawi 100 alionse. Shehe apemphere pakati pa mwambo, m'mawu ake, abusa ndi ansembe ali chiimire pambali pake.