Mwana Wophunzira za Chuma Si Banki ya Banja

Chaka chilichonse mayeso a kalasi 12 akatha, m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde mumamveka funso limodzi: mwana wakhoza, nanga tsopano akaphunzire chiyani? Makolo ambiri akamva kuti ku yunivesite kuli maphunziro a za chuma, amene pa Chipwitikizi amati Contabilidade e Finanças, mitima imakhala pansi. Amaganiza kuti wophunzira za ndalama ndiye adzagwire ndalama. Ng'ombe imagulitsidwa, ngolo imatsatira, ndipo banja limayamba kuwerenga masiku. Maphunzirowa ndi abwino ndithu, ndipo chigawo cha Tete chikusowa anthu owadziwa. Koma banja liyenera kudziwa chimene likugula lisanatulutse ng'ombe m'khola.

Choyamba, maphunzirowa ndi a zaka 4, ndipo pomaliza wophunzira amalandira digiri yotchedwa licenciatura. Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, imene inayamba mu 1962 n'kulandira dzina limeneli mu 1976, imaphunzitsa za chuma ndi za kasungidwe ka mabuku a ndalama. Kufupi kuno, sukulu ya Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, nayonso imaphunzitsa kulemba ndi kufufuza mabuku a ndalama. M'zaka zimenezi mwana saona mulu wa ndalama ayi. Amaona masamu, malamulo a misonkho, kawerengedwe ka chiwongoladzanja, kakonzedwe ka bajeti, ndi njira zodziwira ngati malonda akupindula kapena akudya mpamba.

Chachiwiri, njirayo ndi yokwera mtengo. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Kupatula ndalama zolipira sukulu, pali lendi ya chipinda, chakudya, ulendo wa tsiku ndi tsiku, mapepala, ndiponso kompyuta, pakuti masiku ano mabuku a ndalama salembedwanso pamanja. Ng'ombe imodzi ikhoza kutsegula chitseko, koma siingamufikitse mwana kumapeto. Banja limene lawerengera chaka choyamba chokha limadzaona mwana akubwerera pa chaka chachiwiri, ng'ombe itapita, digiri palibe. Ndiponso maphunziro onsewa ali m'Chipwitikizi ndipo atsamira pa masamu. Mwana amene masamu ankamuvuta ku sekondale asakakamizidwe kulowa njira imeneyi chifukwa chongomva dzina lakuti "chuma".

Chachitatu, digiri si kalata ya ntchito. Mabanki ndi ochepa kumaboma, ndipo omaliza maphunziro ndi ambiri chaka ndi chaka. Ena amakhala nthawi yaitali akuyenda ndi makalata m'maofesi. Amene wapeza ntchito amasunga ndalama za eni, osati zake. Achibale akamamuthamangira ndi mavuto onse a pamudzi, ponena kuti "iwe uli pa ndalama", amamukankhira ku chiyeso. Wosunga thumba akalowetsamo dzanja kamodzi, ntchito yatha, dzina laipa, ndipo mwina ndende ikumudikira.

Nanga phindu lake lili pati? Lili m'kutha kuwerenga ngongole munthu asanasaine. Mwachitsanzo, mlimi akatenga katapila wa 5,000 meticais mu Novembala kuti agule feteleza, pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 mwezi uliwonse, ndipo chiwongoladzanjacho chikumaberekanso, pakatha miyezi 6 ngongoleyo imafika pafupifupi 15,000 meticais. Chimanga chisanalowe m'nkhokwe, mwini wake ndi wina kale. Chimodzimodzi mlimi wa fodya amene amalandira mbewu ndi feteleza pa ngongole ku kampani: ayenera kudziwa kuti pa tsiku la msika adzamudula zingati, ndi kuti chotsala chikukwanira thukuta la banja lonse kapena ayi. Mwana amene waphunzira za chuma akhoza kukhala pansi ndi bungwe la alimi, n'kuwamasulira pepala lotere m'chinenero chawo.

Anthu a m'malire ali ndi vuto linanso, la ndalama ziwiri m'thumba limodzi. Ogulitsa mbatatesi, nyemba ndi chimanga m'misika ya m'malire, monga ku Zóbuè ndi ku Calómuè, amalandira metical ndi kwacha yomwe. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Amene anasunga makwacha m'nyumba anadzuka ali ndi mapepala omwewo, koma ogula zochepa. Akuluakulu akukumbukiranso chaka cha 2006, pamene 1,000 meticais akale anasanduka metical imodzi yatsopano. Pa nthawi zotere mudzi umene ulibe munthu wodziwa kufotokoza umadyeredwa ndi osintha ndalama a m'mbali mwa msewu.

Nkhaniyi siithera pamudzi pokha. Kuyambira mu 2006 boma linkapereka ndalama zokwana 7 miliyoni meticais ku boma lililonse laling'ono, zija anthu ankangoti "sete milhões", kuti zibwerekedwe kwa anthu ochita ulimi ndi malonda. Zambiri sizinabwezedwe. Zifukwa zinali zingapo, koma china mwa izo n'chakuti ambiri analandira ngongole popanda dongosolo la malonda ndi popanda buku lolembamo zolowa ndi zotuluka. Pamwamba penipeni, m'zaka za 2013 ndi 2014 makampani atatu, Ematum, Proindicus ndi MAM, anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni boma litawaimira, Nyumba ya Malamulo isanavomereze. Zonse zitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa chithandizo, metical inagwa, ndipo mitengo ya zinthu inakwera ndi yoposa 20 pa 100. Mayi wa ku Tsangano amene sanaonepo nyanja analipira ngalawa zija pogula sopo ndi mchere. Ngongole zimenezi zinakonzedwa ndi anthu ophunzira, ndipo amene anazifukula analinso ophunzira. Choncho sukulu yokha siikwanira. Pafunika mutu wodziwa masamu ndi mtima woopa za eni.

Makolo asaiwalenso ana aakazi. Mayi Luísa Diogo anabadwira m'boma la Mágoè m'chigawo chino mu 1958. Anaphunzira za chuma pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane, anapitiriza ku London, anakhala nduna ya zachuma, ndipo kuyambira mu 2004 mpaka mu 2010 anali nduna yaikulu ya dziko lino, mkazi woyamba pa udindowo. M'midzi yambiri amayi ndiwo amasunga bokosi la gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Amene amatha kusunga bokosi angathenso kusunga mabuku a banki atapatsidwa mpata.

Tsono chofunika n'chiyani? Makolo akhale pansi ndi mwana ndi aphunzitsi ake, awerengere zaka zonse 4, ndipo afunse ku ofesi ya maphunziro za bolsa, chithandizo chimene chimaperekedwa kwa ophunzira osowa, nthawi yolembetsa isanathe. Ayambe ayang'ana sukulu za m'chigawo chino asanaganize za Maputo. Akuluakulu a maphunziro afikitse uthenga wa mayeso olowera ku yunivesite ndi wa mabolsa m'sukulu za kumidzi ndi pa wailesi, usamathere m'tauni. Mabungwe a alimi, mipingo ndi mafumu aziitana ophunzirawa pa tchuthi kuti aone mabuku a gulu. Ndipo wophunzirayo akabwera kwawo asamayankhule Chipwitikizi cha m'mabuku kwa agogo ake. Afotokoze chiwongoladzanja ndi matumba a chimanga mpaka aliyense amve.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Banja limene latumiza mwana lisayembekezere malata pa chaka choyamba. Liyembekezere tsiku limene pepala la ngongole lidzafika pamudzi, ndipo padzapezeka mwana wa pomwepo woliwerenga mpaka mzere womaliza, chala chisanadinde.