Bokosi Lowala ndi Chipangizo Chosatchulidwa

Otsatsa makompyuta amasewera omwe amagulitsidwa atalumikizidwa kale ali ndi kachizolowezi komwe kakhala kakumuwawa mlembi wa ndemanga ino. Amalemba ndi zilembo zikuluzikulu dzina la purosesa, chipangizo chomwe chimatsata malangizo onse a pulogalamu, amatchulanso graphics card, yomwe ntchito yake ndi kujambula zithunzi zoyenda pa sikirini, kenako amaika chithunzi cha bokosi lagalasi lonyezimira ndi timagetsi tamitundumitundu, koma za power supply amangoti zii. Power supply ndi kabokosi kachitsulo komwe kamalandira magetsi a pakhoma n'kuwatsitsa kufika pa mavoti 12, 5 ndi 3.3, omwe zipangizo zam'kati zimagwiritsa ntchito, ndipo wogulitsa akakakumbukira amangolemba kuchuluka kwa mawati, osanena yemwe anakapanga.

Wina aliyense amene anatsegulapo kompyuta avomereza kuti kuchita chete kumeneku si kuiwala. Wogula amayerekeza mitengo poyang'ana mayina awiri otchuka aja, choncho wogulitsa wofuna phindu amachepetsa ndalama pa zipangizo zomwe palibe akuzifunsa. Komatu graphics card ya Nvidia yotchedwa RTX 3080, yomwe inatuluka mu 2020, imadya mawati 320 payokha, ndipo kampaniyo inalangiza kuti izigwira ntchito ndi power supply ya mawati 750. Kabokosi kotchipa kakalemedwa ndi katundu wotere kamatentha, kompyuta imazima masewera ali pakati, ndipo tsiku lomwe kadzapse kangathe kupha ndi zipangizo zina zodula kuposa iko. Kuyambira mu 2004 pali chizindikiro chotchedwa 80 Plus, chosonyeza kuti power supply inayesedwa ndipo siitaya magetsi opitirira magawo 20 pa 100 alionse monga kutentha chabe. Chizindikirochi sichitsimikiza zonse, koma wogulitsa amene akulephera kutchula ngakhale chimenechi wanena kale zambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwu ukukhalira bwino bokosi lowala lija. Chinyengo chomwechi chimaonekanso pa RAM, malo omwe kompyuta imasungako kwakanthawi zomwe ikugwiritsa ntchito: ena amaikamo kachidutswa kamodzi m'malo mwa tiwiri, pomwe tiwiri togwira ntchito limodzi timatumiza uthenga kudzera m'njira ziwiri ndipo masewera ambiri amayenda bwinoko.

Munthu wodzilumikizira yekha kompyuta sakumana ndi zobisika zoterezi, chifukwa chipangizo chilichonse amachisankha ndi dzina lake. Ufulu umenewu uli ndi mbiri yake. Pamene IBM inatulutsa kompyuta yake ya munthu mmodzi mu 1981, inagwiritsa ntchito purosesa ya Intel ndi zipangizo zina zomwe zinkapezeka kale pamsika, ndipo inafalitsa tsatanetsatane wa kapangidwe kake, zomwe zinapatsa makampani ena mpata wopanga zida zogwirizana nayo. Mu 1995 Intel inakhazikitsa muyezo wotchedwa ATX, womwe umanena kukula kwa motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, malo a mabowo ake a zomangira, ndi mtundu wa mapulagi a magetsi. Chifukwa cha muyezo umenewu, bolodi la kampani ina limalowa m'bokosi la kampani ina popanda kusema kapena kuboola. AMD nayo inasonyeza phindu la kusasinthasintha pamene inasunga soketi yake ya AM4, malo okhazikapo purosesa, kuchokera mu 2016 kwa zaka zambiri, moti anthu ambiri omwe anagula bolodi mu 2017 anatha kuikapo purosesa ya mu 2022 atangosintha pulogalamu ya bolodilo.

Chilungamo chikufuna kuti mbali inayo imvekenso. Mu 2020 ndi 2021, mliri wa Covid-19 utasokoneza mafakitale, ndipo okumba ndalama za pa intaneti monga Ethereum akugula ma graphics card ochuluka nthawi imodzi, RTX 3080 yomwe mtengo wake unali madola 699 inkagulitsidwa pamtengo wowirikiza kawiri kapena kuposa. Nthawi imeneyo kugula kompyuta yathunthu kunali njira yokhayo yomwe ambiri akanapezera chipangizocho pamtengo womveka. Ndiponso wogula yolumikizidwa kale amakhala ndi walanti imodzi, lonjezo la wogulitsa loti adzakonza kapena kusintha katundu akawonongeka, pomwe wodzilumikizira akapinda timapini ta purosesa amalira yekha.

Koma chomwe chimamupweteka mtima mlembiyu kuposa zonse, ndipo wakhala akuchidandaula kwa nthawi yaitali, ndi khalidwe lopanga katundu woti asakonzedwe. Makampani ena akuluakulu amasiya dala muyezo wa ATX n'kupanga bolodi la maonekedwe awoawo ndi pulagi ya magetsi yomwe siipezeka kwina kulikonse, kotero kuti power supply ikafa, mwiniwake amayenera kubwerera kwa iwo kapena kutaya makina onse, ngakhale kuti purosesa ndi zina zonse zikadali zamoyo. Khalidweli ndi lomwe lachititsa kuti mabatire a mafoni azimatidwa ndi guluu komanso kuti RAM ya malaputopu ambiri iziwotcheredwa pabolodi. Zotsatira zake zikuoneka pamilu ya zinyalala: lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zomwe zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Dziko la France linaona vutoli ndipo mu 2021 linayamba kukakamiza ogulitsa mafoni, malaputopu ndi katundu wina kuonetsa malikisi osonyeza ngati chinthucho n'chosavuta kukonza, ndipo European Union inavomereza lamulo la ufulu wokonzetsa katundu mu 2024. Nkhaniyi siili kutali ndi owerenga, pakuti makompyuta akale ochokera kunja ndi omwe adzaza m'mashopu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, ndipo mmisiri wokonza ndi amene amasowa pogwira akapeza pulagi yachilendo yomwe sangaipeze pamsika. Kumalo komwe magetsi amazimazima n'kubwera mwamphamvu, power supply ndi chipangizo chomwe chimayamba kulandira nkhonyazo, ndipo walanti ya katundu woitanitsidwa kunja siithandiza kwenikweni ngati kuti igwire ntchito pafunika kutumiza bokosi lonse kutsidya kwa nyanja.

Amene ali ndi nthawi ndi mtima wodekha adzilumikizire yekha, chifukwa ntchitoyi imafuna sikuludiraiva imodzi ndi kuwerenga buku la malangizo mosamala. Amene wasankha yolumikizidwa kale sanalakwe, koma asanatulutse ndalama afunse wogulitsa kuti amulembere dzina la wopanga ndi nambala ya power supply, motherboard ndi RAM, atsimikizirenso kuti zikutsata muyezo wa ATX. Wogulitsa akakana kupereka mndandanda umenewu, wogulayo apite pa shopu ina.