Osasankha wonyamula mtokoma poona mtengo wokha

Masiku ano shopu siliranso khonde kapena kauntala. Wophunzira wa pa yunivesite ku Zomba akugulitsa mawigi ali m'chipinda chake chogona, mayi wa ku Area 25 akutsatsa nsapato za kaunjika pa WhatsApp, mnyamata wa ku Limbe naye akuika zithunzi za mafoni pa Facebook. Kulandira ndalama sikuvutanso. Chibwerere Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, kasitomala wa ku Mzuzu amalipira wogulitsa wa ku Blantyre asanaonane n'komwe.

Koma abale anzanga, chithunzi ndi ndalama zimadutsa pafoni, nsapato ayi. Nsapato iyenera kukwera galimoto n'kuyenda makilomita oposa 600 kuti ikafike kwa mwini wake. Apa mpamene geni ya ambiri ikufera, chifukwa posankha wonyamula mtokoma funso lathu limakhala limodzi basi: "Wotchipa ndani?"

Inetu ndikuti funso limenelo n'lolakwika. Funso loyamba likhale lakuti, katunduyu akasowa kapena kusweka, adzayankhe ndani?

Taganizani. Kasitomala walipiriratu kwa munthu amene sanamuonepo. Mtima uli m'mwamba, pakuti nkhani za anthu oberedwa pafoni wazimva zambiri. Mtokoma ukachedwa masiku atatu sanena kuti dalaivala walakwa. Amati inuyo ndinu mbava, ndipo amalemba zimenezo pagulu lomwelo la WhatsApp limene mumapezapo makasitomala. Dzina limene mwalimanga chaka chathunthu limatha usiku umodzi chifukwa cha munthu amene simudziwa ngakhale kumene amakhala.

Ambiri timathamangira kudepoti n'kupatsira kondakitala wa basi kapena dalaivala wa minibasi. Sindikunyoza, njirayi ili ndi ubwino wake. N'njotsika mtengo, katundu amafika tsiku lomwelo, ndipo kumadera kumene makampani alibe ofesi nthawi zina palibe kuchitira mwina. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Umboni wanu ndi nambala ya foni yokha. Foniyo ikazima mukadandaula kuti? Basi ikafika usiku kasitomala palibe, phukusi ligona kwa yani?

Tiyerekeze kuti mwapulumutsa K2,000 potumiza foni ya K200,000 mwa njira imeneyi. Foni imodzi ikasowa, muyenera kutumiza mitokoma 100 kuti chopulumutsacho chibweze zomwe mwataya. Ndipo tisaiwale kuti kuoda katundu wina si masewera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri anaona kuti ndalama yomwe anagulitsira katundu dzulo siikwananso kuoda wina lero.

Nanga tichite bwanji? Poyamba funsani chiphaso. Lamulo la Communications Act la 2016 limafuna kuti kampani yonyamula makalata ndi mitokoma ikhale ndi chiphaso cha bungwe la MACRA. Kampani yotere ili ndi ofesi yoti mukagogodepo, ndipo ikakukanani muli ndi kokadandaula, kaya ku MACRA komweko kapena ku Competition and Fair Trading Commission. Kondakitala amene wasiya ntchito dzulo simungamutengere kumeneko.

Kenaka funsani za chipukuta misozi musanapereke phukusi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Funsani poyera kuti, "Akulu, katunduyu akasowa mubweza zingati, ndipo pakatha masiku angati?" Onetsetsani kuti palisiti alembapo chimene chili m'katimo ndi mtengo wake weniweni. Pali ena mwa ife amene timanama kuti m'bokosi muli zovala pomwe muli laputopu, pofuna kulipira zochepa. Tsiku la tsoka lisiti lomwelo lidzakutsutsani.

China n'chakuti muone kumene makasitomala anu ali, osati kumene inuyo muli. Kuno kwathu nyumba zambiri sizidziwika ndi nambala, timalozerana kuti "kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira". Choncho mitokoma yambiri kasitomala amakatenga yekha ku ofesi. Kampani ikhoza kukhala yabwino pa msewu wa M1 pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, koma ngati wogula ali ku Nsanje kapena ku Chitipa, kodi ili ndi ofesi kumeneko? Kasitomala akalipira kabaza ndi minibasi kukatenga katundu patali, kutchipa kuja kwapita kuti? Positi ofesi nayo tisaiponyere kunkhongo. Malawi Posts Corporation ili ndi maofesi m'maboma ambiri, ndipo n'kwabwino kukafunsa mitengo ndi masiku ake.

Komanso musadalire wonyamula mmodzi. Tonse tikukumbukira mizere ya mafuta ya 2022 ndi 2024, komanso momwe namondwe wa Freddy anadulira misewu ya m'chigawo cha kumwera mu Marichi 2023. Wabizinesi wochenjera amakhala ndi makampani awiri amene anawayesa kale ndi katundu wotchipa. Ndipo wabwino pa awiriwo mumamudziwa pamene zavuta. Kodi amakuimbirani yekha kuti galimoto yachedwa, kapena mumachita kumusakasaka?

Ena adzati, "Zonsezi zikweza mtengo, makasitomala athawa." Ine sindikuvomereza. Muuzeni kasitomala chilungamo: mtengo wa katundu ndi uwu, wotumizira ndi uwu, kampani yake ndi iyi, afika tsiku lakuti. Mukatumiza, jambulani lisiti n'kumutumizira nthawi yomweyo. Munthu amene walipira asanaone katundu amalolera kuonjezera pang'ono kuti agone tulo.

Amalonda anzanga, ndi inu ana asukulu amene fizi yanu ikuchokera m'geni imeneyi, kasitomala wa kutali sadzaona nkhope yanu. Chimene adzaone ndi phukusi ndi munthu amene wamupatsira. Munthu ameneyo musankheni monga momwe mungasankhire woti akukhalireni m'shopu inu mutachokapo.